Kugwira Kapena Kumva: Za Liwu la Chingerezi la "Apprehend"

Pa mawu a Chingerezi amene amapunthwitsa omasulira, liwu la "apprehend" lili m'gulu la aja ovuta chifukwa chooneka ngati osavuta. Wolemba nkhani za pa wayilesi amakumana nalo m'malipoti a apolisi pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mosataya nthawi amalemba kuti apolisi agwira munthu. Kumasulira kumeneku n'kolondola. Vuto limayamba pamene womasulira yemweyo, atazolowera kuti liwuli ndi kugwira, alipeza m'chigamulo cha khoti, m'buku la maphunziro kapena m'sewero la Shakespeare, n'kulimasulira chimodzimodzi. Chizolowezichi chimalimbikitsidwa ndi mindandanda ya mawu ija imene imaika liwu limodzi la Chichewa moyang'anizana ndi liwu limodzi la Chingerezi, popanda chiganizo cha chitsanzo ngakhale chimodzi. Mindandanda yotereyi ndiyo imene akonzi ndi aphunzitsi ambiri amakhala nayo pafupi, pakuti ndi yaifupi ndiponso yosavuta kuloweza.

Liwuli lili ndi matanthauzo akuluakulu atatu. Pali kugwira munthu amene akuganiziridwa kuti wapalamula mlandu. Pali kuzindikira chinthu ndi nzeru. Palinso kuona m'maganizo chinthu choipa chisadafike, ndipo tanthauzo lachitatuli nthawi zina limayenda ndi mantha, nthawi zina ayi. Mwini Chingerezi wodziwa mbiri ya mawu amaona kuti atatuwa ndi a mimba imodzi. M'Chichewa ubale umenewu mulibe, ndipo womasulira amene aukakamiza amalemba Chingerezi chovala mawu a Chichewa.

Gwero la liwuli ndi Chilatini. Tsinde lake ndi mneni wakuti "prehendere", amene amatanthauza kugwira chinthu ndi dzanja, ndipo kumbuyo kwa tsindeli kudaphatikizidwa "ad-", mphatikiri woloza kumene ntchito ikulunjika. Tsinde lomweli lidabala mawu ambiri amene lero saonekanso ngati a pa chibale. Liwu la "prison", lotanthauza ndende, lidachokera pomwepa kudzera m'Chifalansa, chiyankhulo chimene chidakhala m'mabwalo a milandu a ku Mangalande kwa zaka mazana angapo anthu a ku Normandy atalanda dzikolo m'chaka cha 1066. Liwu la "apprentice", lonena za wophunzira ntchito kwa mmisiri, ndi la banja lomweli, monganso "comprehend" ndi "prehensile", limene akatswiri a zamoyo amafotokozera mchira wa bilimankhwe chifukwa chakuti umatha kukulunga nthambi n'kuigwira. Achewa a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene adaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, amauona msanga ubalewu kuposa anzawo a ku Malawi ndi ku Zambia, pakuti m'chiyankhulo chimenecho "prender" ndi kumanga munthu, "aprender" ndi kuphunzira, ndipo "compreender" ndi kumvetsa.

Chodabwitsa n'chakuti tanthauzo la apolisi, limene ambiri amaliyesa lenileni, si limene lidayamba m'Chingerezi. Liwuli litalowa m'chiyankhulochi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, linkanena za kuzindikira ndi nzeru. Tanthauzo la kugwira munthu mwa lamulo lidadza m'zaka za m'ma 1500, ndipo la nkhawa lidakhazikika m'zaka za m'ma 1600. Masiku ano zinthu zidapendekeka. Mneniyu amamveka kwambiri pa nkhani za apolisi, pamene dzina lake, "apprehension", ndi mfotokozi wake, "apprehensive", zidatsamira ku nkhawa. Motero womasulira sangadalire ngakhale lamulo lodziwika lija lakuti dzina lochokera ku mneni limatenga tanthauzo la mneniyo.

Kuyerekeza nzeru ndi dzanja limene limagwira mfundo si kwa liwu limodzi lokhali. Liwu la "grasp", limene silidachokere ku Chilatini, limayenda njira yomweyo: Mngerezi amagwira nalo mpini wa fosholo, amamvetsanso nalo masamu. M'Chijeremani "greifen" ndi kugwira, pamene "begreifen" ndi kumvetsa. George Lakoff ndi Mark Johnson, m'buku lawo la mu 1980 lotchedwa Metaphors We Live By, adaonetsa kuti mafanizo otere si zokometsera za alakatuli okha, koma ndi njira imene anthu wamba amanenera zinthu zosaoneka pobwereka mawu a zinthu zooneka. M'chaka cha 1990 Eve Sweetser adalondola mbiri ya mawu m'banja la ziyankhulo za ku Ulaya ndi ku India, napeza kuti mawu onena za kudziwa amachokera kawirikawiri ku mawu a kuona ndi kugwira, pamene mawu a kumva amapita ku kumvera. Padali chiyeso chakuti anthu aganize kuti umu ndi mmene zilili pa dziko lonse. Koma m'chaka cha 2000 Nicholas Evans ndi David Wilkins adaonetsa kuti m'ziyankhulo zambiri za eni nthaka a ku Australia, mawu a kudziwa, kuganiza ndi kukumbukira amachokera ku khutu.

Mphunzitsi wa Chichewa safunika kupita ku Australia kuti akaone zimenezi, pakuti amaziphunzitsa tsiku ndi tsiku. Munthu amamva kulira kwa ng'oma, amamva fungo la usipa, amamva kuwawa kwa chilonda, amamva Chitumbuka ngakhale sachiyankhula, ndipo mwana wosamva si gonthi ayi, koma waliuma. Pa tsinde lalifupi limeneli misintho ya mneni idamanga nyumba yonse ya mawu a nzeru ndi chikhalidwe: kumvetsa, kumvetsetsa, kumvetsera, kumvera, kumveka ndi kumvana. Miyambi nayo imaloza komweko. Wochenjeza mnzake amatchedwa wotsina khutu, ndipo wokana malangizo amanenedwa kuti adzamva nkhwangwa ili m'mutu. Ziyankhulo zoyandikana nazo zili chimodzimodzi. M'Chitumbuka "kupulika" ndi kumva ndipo "kupulikiska" ndi kumvetsa. M'Chishona muli "kunzwa" ndi "kunzwisisa". M'Chibemba muli "ukumfwa" ndi "ukumfwikisha". Ponseponse kumvetsa ndi kumva kofika patali.

Izi sizikutanthauza kuti m'Chichewa manja sagwira ntchito iliyonse pa nkhani za nzeru. Wobwera ku msonkhano amafunsidwa kuti watolako chiyani, wachinyamata amalangizidwa kukatapa nzeru kwa akuluakulu, ndipo za mwana wochenjera m'kalasi amati mutu wake umagwira. Koma kutola ndi kutapa kumanena za kutengako pang'ono pa chinthu chambiri, ndipo mutu wogwira ndi mutu wabwinobwino, wosiyana ndi uja umene sukugwira chifukwa cha matenda kapena mavuto. Palibe pa zitatuzi pamene munthu akugwira mfundo monga mmene Mngerezi amaigwirira.

Mneni wa kugwira ali kale ndi katundu wochuluka. Munthu amagwira ntchito, amagwira mwendo popepesa, amagwira pakamwa podabwa, amagwira njakata akasowa pothawira, amagwira tambala pakamwa akalawirira ulendo. Mbande za fodya zimagwira zikaokedwa bwino, ndipo ulaliki umakhala ndi mawu ogwira mtima. Msintho womuchitira wa mneniyu umabala liwu lonena za mlandu woopsa wa kugwirira, chimene chiyenera kuchenjeza aliyense kuti mneniyu si wosewera naye. Chofunika kwambiri pa nkhani ino n'chakuti alembi ambiri amati munthu wagwira mawu a wina akawabwereza monga adanenedwera. Tsono chiganizo cha Chingerezi chonena kuti ophunzira adazindikira tanthauzo la zimene mphunzitsi adanena chikamasuliridwa kuti ophunzira adagwira mawu a mphunzitsi, tanthauzo latembenuka. Wophunzira angathe kugwira mawu a mphunzitsi bwino lomwe, liwu ndi liwu, koma osamvapo kanthu, ndipo oyesa mayeso amakumana ndi ophunzira otere chaka ndi chaka.

Pa tanthauzo la nkhawa pali kanthu kena kofunika kukaonetsetsa. M'Chichewa muli ndithu kugwira pa nkhani ya mantha, koma wogwira ndi wogwidwa adasinthana malo. M'Chingerezi munthu ndiye amagwira choopsacho ndi maganizo ake chisadafike. Iye ndiye mwininkhani. M'Chichewa mantha ndiwo amagwira munthu: mantha adamugwira, adagwidwa nthumanzi. Munthuyo ali pamtherankhani. Kusiyanaku kukuoneka ngati kwa malamulo a chiyankhulo chabe, komatu kumasintha nkhani. Wogwidwa ndi mantha ndi munthu amene wagonja, miyendo yalobodoka. Munthu amene Chingerezi chikumunena ndi liwu la "apprehend" angakhale wolimba mtima, woti waona ngozi ikudza ndipo akukonzeka kukumana nayo.

Pamene kusiyana kumeneku kumafika poipa ndi m'bwalo la milandu. M'malamulo ochokera ku zigamulo zakale za makhoti a ku Mangalande, amene makhoti a m'Malawi ndi a ku Zambia adatengera, liwu la "assault" likagwiritsidwa ntchito mosamala silinena za kumenya kwenikweniko. Limanena za kuchititsa mnzako kuona kuti umumenya pomwepo, ngakhale usadamukhudze, ndipo mneni amene oweruza amagwiritsa ntchito pofotokoza zimene zili m'maganizo a woopsezedwayo ndi yemweyu wa "apprehend". Mabuku a malamulo amanenetsa kuti chofunika pamenepa si mantha. Chiphona chimene kamnyamata kachikwezera nkhonya sichiopa konse, koma chaona kuti nkhonya ikudza, ndipo mlandu ulipo. Munthu amene ali m'tulo, kapena amene wakanthidwa kumsana mosadziwa, sadaone kalikonse kakudza. Mlandu wake ndi wa kumenyedwa, umene uli ndi dzina lake padera. Chitsanzo chakale ndi mlandu wa Tuberville ndi Savage wa m'chaka cha 1669. Munthu wina adaika dzanja pa lupanga lake nauza mnzake kuti ikadapanda kukhala nyengo imene oweruza ali mu mzindamo, sakadalola kuyankhulidwa motero. Khoti lidagamula kuti kuteroko sikudali kuopseza kolakwira lamulo, popeza mawu ake omwewo adasonyeza kuti sakantha. M'chaka cha 1997, pa mlandu wa Ireland, bwalo la House of Lords lidafika ponena kuti ngakhale kuimba telefoni mobwerezabwereza osayankhula kanthu kungakhale mlandu womwewu, ngati woimbiridwayo aganiza kuti woimbayo angafike nthawi yomweyo n'kumuvulaza.

Tsono zokambirana za m'makhoti a m'Malawi zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo mboni zambiri zimayankhula kudzera mwa womasulira. Loya akafunsa mboni ndi mneni ameneyu, womasulira n'kutembenuza kuti, "Kodi mudachita mantha?", ndiye kuti wafunsa funso lina. Bambo wodzilemekeza, ataimirira pamaso pa akazi awo ndi anthu a m'mudzi mwawo, adzayankha kuti iwo sadaope, ndipo adzakhala akunena zoona. Yankho limenelo likabwerera m'Chingerezi limalembedwa ngati kuti mboniyo sidaone kuti ikanthidwa, ndipo mlandu ungafooke chifukwa cha liwu limodzi. Funso loyenera ndi lakuti, "Kodi mudaona kuti akumenyani pomwepo?" Ena amasankha mneni wa kuyembekezera. Tanthauzo lake silili kutali, koma m'Chichewa munthu amayembekezera kawirikawiri zabwino, mvula kapena alendo, ndipo mboniyo ikakhala mayi, kufunsa ngati adali woyembekezera kumadzetsa phwete m'bwalo pa nkhani yosaseketsa.

M'makhoti momwemo liwuli limavalanso nkhope ina. Woweruza amayenera kuchoka pa mlandu ngati pali chimene Chingerezi chimati "reasonable apprehension of bias". M'chaka cha 1999 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa lidafotokoza muyeso umenewu pa mlandu wa pakati pa Pulezidenti Nelson Mandela ndi bungwe la masewero a rugby la m'dzikomo, pamene oweruza ena adapemphedwa kuti achokepo. Khotilo lidati funso ndi lakuti kodi munthu woganiza bwino, wosatengeka mtima ndiponso wodziwa zoona za nkhaniyo, angaganize moyenera kuti woweruzayo saweruza mosakondera. Pamenepa palibe wogwidwa, palibe wonjenjemera. Chilipo ndi kukayikira kokhala ndi maziko kuti woweruza akondera. Mtolankhani amene alemba kuti mbali ina ikuopa woweruza wanamizira mbaliyo, ndipo mwina wanyozanso woweruzayo.

Ngakhale pa tanthauzo losavuta lija la apolisi, akonzi sasamala mokwanira. Nyuzipepala ndi mawayilesi amasinthanitsa kugwira, kumanga ndi kunjata ngati kuti ndi liwu limodzi. Kugwira ndiko kukufanana bwino ndi "apprehend", chifukwa kumanena za nthawi imene wothawa wagwa m'manja mwa omufuna, ndipo anthu a m'mudzi angathe kugwira munthu n'kukamupereka ku polisi. Kumanga kuli ndi mbali ziwiri, pakuti amati apolisi amumanga, amatinso khoti lamumanga zaka zitatu. Womvera wayilesi angaganize kuti mlandu watha pamene usadayambe n'komwe. Kunjata kumakometsa mutu wa nkhani, koma kumajambula munthu womangidwa manja ndi miyendo ngati mbuzi ya pa njinga, ndipo kawirikawiri kumatsagana ndi dzina lakuti mbava kwa munthu amene khoti silidamupeze wolakwa. Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi a m'chaka cha 1994 imapatsa wosungidwa ndi apolisi ufulu wouzidwa msanga chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndiponso imafuna kuti wogwidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mawu amene wapolisi ndi womasulira asankha pa nthawi imeneyi ndiwo amauza munthuyo ngati wangogwidwa kapena wamangidwa kale.

Aphunzitsi a mabuku a Chingerezi amakumana ndi tanthauzo lachiwiri, la kuzindikira. M'chigawo chachisanu cha sewero la A Midsummer Night's Dream, Shakespeare adaika "apprehend" ndi "comprehend" moyandikana m'kamwa mwa Theseus, pofuna kusiyanitsa maganizo a amisala, okondana ndi alakatuli, amene amakola zinthu mwachangu, ndi nzeru zodekha zimene zimazungulira chinthu chonse. Mphunzitsi wofotokozera ophunzira ndime imeneyi m'Chichewa ali ndi mwayi umene mnzake wa ku London alibe, chifukwa kusiyana kumene Chingerezi chimakuonetsa ndi aphatikiri a Chilatini, osadziwika kwa ana ambiri, Chichewa chimakuonetsa ndi msintho wa mneni umene mwana aliyense amaudziwa. Munthu angamve nkhani osaimvetsa, angaimvetse osaimvetsetsa. N'zomvetsa chisoni kuona mphunzitsi akusiya chuma chimenechi n'kumauza ana kuti Theseus akunena za kugwira.

Omasulira Baibulo adalimbana ndi mfundo yomweyi kalekale. M'Chigiriki muli mneni wakuti "katalambano", amene amatanthauza kugwira, kupambana ndiponso kuzindikira, ndipo ndi amene ali pa Yohane 1:5, ponena za zimene mdima udalephera kuchita ndi kuwala. Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611 lidasankha "comprehend", pamene Revised Standard Version, imene Chipangano Chatsopano chake chidatuluka mu 1946, idasankha liwu lotanthauza kugonjetsa. M'Chichewa namo zidagawanika chomwecho: Buku Lopatulika la mu 1922 lidatsata kuzindikira, ndipo Buku Loyera la mu 1998 lidatsata kugonjetsa. Akatswiri a zaumulungu angatsutsane kuti wolondola ndani. Kwa womasulira, chofunika kuona n'chakuti magulu onse awiriwa adayenera kusankha mbali imodzi. Liwu limodzi lonyamula zonse ziwiri m'Chichewa mulibe, ndipo kulemba kuti mdima sudagwire kuwala sikukadamveka kwa wina aliyense mu mpingo.

Kusankha kotereku ndiko kumene mindandanda ya liwu limodzi imabisa. Pa mbali imeneyi ntchito zina za masiku ano zabwerera m'mbuyo poyerekeza ndi za akale. Mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892, umene Alexander Hetherwick adaukonzanso n'kuutulutsa mu 1929, uli ndi zolakwa zake za nthawi imeneyo, koma udadzaza ndi ziganizo zoonetsa liwu likugwira ntchito m'kamwa mwa eni ake. Wokonza mawu a malamulo kapena a maphunziro akafika pa "apprehend" ayenera kuligawa, ndipo chomutsogolera chikhale pamtherankhani. Akakhala munthu, mneni ndi kugwira. Ikakhala mfundo kapena tanthauzo, mneni ndi kumva, kuzindikira kapena kumvetsa. Chikakhala chinthu choipa chimene sichidachitike, womasulira ayambe wafunsa ngati chiganizocho chikunena za mtima kapena za maganizo: za mtima ndi nkhawa, za maganizo ndi kuona kuti chikudza kapena kukayikira. Asadakhazikitse liwu lililonse, ndi bwino ayang'anenso mbali ya Chichewa mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies adatulutsa m'chaka cha 2000, kuti aone katundu amene liwu la Chichewalo lasenza kale.

Ena adzati kugwira mfundo kudalowa kale m'Chichewa, ndipo n'zoona kuti mawuwa amamveka m'misonkhano ndi m'makalasi, makamaka kwa anthu amene amaganiza m'ziyankhulo ziwiri. Chiyankhulo chimabwereka zining'a monga chimabwerekera mayina a zinthu, ndipo palibe mkonzi amene angatseke pakamwa pa anthu. Mwina patsogolo pake mawuwa adzakhazikika. Komabe kugwira mfundo, kwa womvera wa kumudzi, kumamveka ngati kuisunga kapena kuikakamira, monga amachitira munthu wogwiritsitsa mwambo wa makolo, ndipo wokakamira mfundo si nthawi zonse amakhala ataimvetsa. Pa zokamba za tsiku ndi tsiku kusokonezeka kotere kumakonzeka ndi funso limodzi. M'fomu ya ku polisi, m'chigamulo chomasuliridwa ndi m'pepala la mayeso mulibe wofunsidwa. Khoti la apilo likanena kuti woweruza woyamba adachita "misapprehension" pa umboni, likutanthauza kuti adaumva molakwika, ndipo umu ndi mmene ziyenera kulembedwera. Womasulira amene alemba kuti woweruzayo adagwira umboni molakwika amapatsa banja la womangidwayo ganizo lakuti mapepala a mlandu adasokonezedwa ndi manja, chimene khotilo silidanene.